Mpando wa Kumanzere

Galimotoyo ndinaigula chaka chimene fakitale ya nsalu inayamba kutidulira masiku a ntchito. Mwini wake anali injiniya wochokera kunja amene ankabwerera kwawo. Inali itakhala nthawi yaitali kuseri kwa nyumba yake, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Inali ya ku Japan, ya zitseko ziwiri, yamphuno yaitali, msana wake wotsetsereka mpaka kumchira. Ndili mnyamata, nditangofika ku Kafue kuchokera ku Katete kudzaphunzira kukonza makina, ndinkaima m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka kuonerera zoterezi zikudutsa. Sindinaganizepo kuti ndidzagwira ngakhale chitseko chake.

Tinaikoka ndi thirakitala ya mnzanga mpaka kunyumba. Mkazi wanga anatuluka m'khitchini manja ali ufa okhaokha, anaizungulira, anasuzumira mkati, kenako anandiyang'ana.

"Abambo, ndiye mwagula khola la nkhuku la mawilo?"

"Idzayenda, amayi."

"Ine sindikutsutsa. Ndikungofunsa ngati nkhuku zake zikubwera pambuyo."

Mulungu sanatipatse ana, koma tinkaitanana abambo ndi amayi monga anzathu onse a msinkhu wathu. Pabwalo pathu malo analipo. Ndinaikweza pa njerwa pansi pa mtengo wa mango ndi kuchotsa mawilo. Loweruka lililonse ndikaweruka ndinkamasula chinthu chimodzi, kuchitsuka ndi parafini m'poto wakale, kuchipukuta, ndi kuchiyala pa thumba. Sindinkafulumira. Kufakitale makina akaima, kapitawo amakuimirira kumsana. Pansi pa mango panalibe wondiimirira kumsana. Mkazi wanga ankakhala pakhonde ndi makina ake osokera opukusa ndi dzanja, akusoka mayunifolomu a ana a sukulu, uku akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Nthawi zina tinkatha masana onse osalankhulana, koma pofika madzulo aliyense ankamva kuti tacheza.

Kenako zinthu zinasintha m'dziko. Malonda anamasuka, salaula anadzaza msika, mabelo a zovala zakunja akutsegulidwa pansi pomwe, ndipo nsalu zathu zinasowa wogula. Tsiku lina mabwana a fakitale anatisonkhanitsa ndi kutiuza kuti tizipita kaye kunyumba. Ambiri mwa anzanga anabwerera kum'mawa, ena anayamba kugulitsa nsomba. Ine ndinatsala, ndikumakonza zigayo ndi mapampu a madzi m'mafamu a ku Shimabala. Anthu ankandiuza kuti galimotoyo ndiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Sindinawatsutse, komanso sindinaigulitse. Masiku amene kunalibe chigayo chofa, inali yondidzutsa pamphasa.

Wondiseka kwambiri anali mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga. Iye anabadwira konkuno, m'nyumba za ogwira ntchito ya njanji, ndipo ankayendetsa minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka. Anali atasiya mpingo wathu ndi kulowa mpingo watsopano umene unkasonkhana m'kalasi ya sukulu, wa ng'oma ndi magitala. Akapeza mpata ankabwera kudzadya nshima kwa mlongo wake, ndipo asanasambe m'manja ankayamba wadutsa pa mango.

"Ba mulamu, iyi motoka siifuna sipanala. Ifuna mapemphero. Muilete ku chechi kwathu tiichose viwanda."

"Tiibweretsa bwanji, alamu, poti siyenda?"

"Ndiye chamene nikamba. Chikhulupiriro chanu ni ching'ono."

Mlongo wake ankamuyankha ali pamakina, osadzutsa mutu. "Iwe, basi yako ija imadzuka ndi kukankha m'mawa uliwonse. Yamba nayo imeneyo."

Matendawo anabwera m'mawa wina wa nyengo yozizira. Ndinamupeza mkazi wanga atakhala pansi pafupi ndi mpopi, atatsamira ndowa, madzi akusefukira pa chitenje chake, pakamwa patapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere zitafa. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera ngati a munthu wongodzuka kutulo, koma nthabwala zinali zomwe zija. Patapita miyezi anayamba kuimirira, kenako kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhonde, akukoka mwendo, atagwira ndodo ya miyendo itatu imene ndinamupangira ndi paipi ya madzi.

Za makina osokera sanadandaule, ngakhale ndinawafunda nsalu ndi kuwakankhira pakona. Nshima yanga yosapsa bwino ankadya osanena kanthu. Chimene chinkamupweteka chinali tchalitchi. Anali wa chigwirizano cha amayi kuyambira ali mtsikana, ndipo malo ake anali odziwika, mbali ya azimayi pafupi ndi zenera. Tchalitchi chathu chili kutsidya kwa njanji, ndipo msewu wake masiku amenewo unali maenje okhaokha. Kwa munthu wa miyendo iwiri si patali. Kwa iye kunali ngati ku Katete.

Mlamu wanga anabwera ndi minibasi Lamulungu lina kuti amutenge. Chopondera chake chinali pamwamba, choncho tinamunyamula, ine kumapewa, iye kumiyendo. Pakhomo penipeni pa basiyo chitenje chinamasuka, nsapato ya mwendo wakufa inagwa, ndipo anthu oyandikana nafe anali ataima m'mipanda yawo akuyang'ana mwachisoni. Mkazi wanga anati timubwezere m'nyumba. Tinamubwezera. Pa nthawi ya chakudya ananena, osakweza mawu.

"Sindidzanyamulidwanso ngati thumba la makala pamaso pa anthu. Tsiku lopita ku tchalitchi ndidzatsika ndekha, ndi kulowa ndekha."

Abusa ankabwera ndi akulu a mpingo kudzamupatsa Mgonero kunyumba. Ankawalandira mwaulemu, ndipo ankalira pang'ono poimba. Atapita tsiku lina anandiuza kuti Mgonero wa munthu mmodzi ndi Mgonero ndithu, sakukana, koma uli ngati nshima yodya wekha: umakhuta, koma sunadye.

Masana ena ndinali pansi pa mango, chitseko cha kumanzere chili chotsegula, ndipo ndinayamba kuchiyang'ana ngati ndikuchiona koyamba. Galimoto za zitseko ziwiri zili ndi zitseko zazitali, chifukwa wokhala kumbuyo amalowera pomwepo. Malo olowera anali otakasuka kuposa a minibasi, ndipo panalibe chokwera. Vuto linali limodzi: munthu akakhala, amayenera kukweza miyendo ndi kuilowetsa mkati uku akupotoza chiuno, ndipo zimenezo mkazi wanga sakanatha. Koma mpandowo ukanati uzitembenuka, kuyang'ana panja, iye akanangokhala monga amakhalira pa mpando wa pakhonde. Kenako mpando wonse ukanatembenukira kutsogolo, iye ali pomwepo.

Sindinamuuze tsiku lomwelo. Ndinatenga chingwe ndi kuyeza kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo lake atakhala.

"Mukundiyeza bokosi, abambo?"

"Musalankhule choncho, amayi."

"Nanga chingwe n'cha chiyani?"

Ndinamuuza. Anayang'ana galimoto ija, yopanda mawilo, injini yake ili m'matumba, ndipo sanaseke.

"Ndiye fulumirani pang'ono," anatero. Zaka zonsezo anali asanandifulumizepo pa chinthu chilichonse.

Makina a kufakitale anali atayamba kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Pa mulu wina wa munthu wogula zoterezo ndinapeza bering'i yaikulu, yafulati ngati mbale, yochokera pa makina oombera nsalu. Ndinaizindikira, chifukwa zoterozo ndinazipaka girisi zaka zambiri. Ndinadula zitsulo ziwiri zafulati, chimodzi chomangirira pansi pa galimoto, china pansi pa mpando, bering'i pakati. Pansi pa galimotoyo panali patadyeka ndi dzimbiri, moti ndinayamba ndadulapo ndi kuwotcherera chitsulo chatsopano. Ndinaika kapini kokoka ndi dzanja, koti mpando ukayang'ana kutsogolo uzikhoma, usamatembenuke pamsewu. Poyesa koyamba msana wa mpando unkagunda nsanamira ya chitseko, ndiye ndinamasula zonse, kusuntha mabowo, ndi kuyambiranso. Kachiwiri unkakhula giya. Kachitatu unazungulira osakhudza kanthu.

Galimoto zimenezi anazipanga zotsika kwambiri, za misewu ya kwawo. Ndinaikweza, kumbuyo powonjezera chitsulo pa masipuling'i, kutsogolo poika timphete, kuti mimba yake isamakhule m'maenje ndi pa njanji. Kukwezako kunafikitsa mpando pa msinkhu wa chingwe chija. Pa nsanamira ya kutsogolo, pafupi ndi galasi, ndinamangirirapo chogwirira cha paipi, pamalo pamene dzanja lake lamanja likanafika akamaimirira. Mpando wakumbuyo ndinauchotsa kuti ndodo yake izigona bwino. Mlamu wanga ataona zonsezi anapukusa mutu.

"Ba mulamu, aba ma Japanizi bakaiona iyi motoka bazakumangani."

"Abwere adzaone. Mwina aphunzirapo."

Tsiku loyesa ndinabwezera mawilo kuti msinkhu ukhale weniweni. Mkazi wanga anayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde, anatembenuka, anagwira chogwirira, ndi kukhala. Mwendo wakufa anaukweza yekha ndi dzanja lamanja, kuuika pa kathabwa kamene ndinamangirira kutsogolo kwa mpando. Ndinakankha pang'ono, mpando unazungulira, kapini kanalira. Denga linali lotsika, koma mutu wake sunagunde.

"Lero kufupika kwanga kwagwira ntchito," anatero.

Kenako anati ndikoke kapini, ndipo anatuluka yekha, ndi kulowanso, ndi kutulukanso, mpaka thukuta linatuluka pamphumi.

Kuyambira pamenepo masana ake anali a m'galimoto. Ankati mpandowo umamugwira msana bwino kuposa wa pakhonde. Ine ndinkakhala kutsogolo ndi zitsulo za injini, iye mkati, ndipo tinkaonana pagalasi.

"Lero tikupita kuti, adalaivala?"

"Kumene mungafune, amayi."

"Tiyeni ku Katete. Koma pa Luangwa muime ndigule nsomba."

Pakapita kanthawi ankafunsa kuti tafika pati, ndipo ndinkayenera kuyankha molondola. Ndikanena Petauke msanga, ankati ndikuthamanga kwambiri, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo. Chikopa cha mpandowo chinali chitang'ambika, choncho anatulutsa nsalu imene ndinabwera nayo kuchokera kufakitale masiku otsiriza, yobiriwira ya timasamba. Anaidula ine nditamugwirira, ndipo anaisoka ndi singano, dzanja limodzi, mbali ina ataipanikiza ndi bondo. Msoko wake sunali wowongoka ngati wa kale. Pena ankaphwasula ndi mano n'kuyambiranso. Ndinafuna kumuthandiza, koma anati ine ndisamale za injini.

Injiniyo ndiyo inatichedwetsa. Mutu wake, umene amakanika amati hedi, unali ndi mng'alu, ndipo madzi ankalowa mmene sayenera kulowa. Nthawi imeneyo galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zinali zitayamba kubwera zambiri kuchokera ku Japan komweko, ndipo masitolo a ku Lusaka anali odzaza ndi zitsulo zake. Ndinkakwera basi ya mlamu wanga, hediyo ili m'thumba, ndi kuyenda sitolo ndi sitolo. Anyamata ogulitsa ankaitembenuza, kuitana anzawo kuti adzaone, kenako n'kundibwezera mwaulemu. "Tate, izi zinasila kudala." M'dziko munali mutalowa chilichonse kupatula chimene ndinkafuna.

Ndinachipeza ku Chanyanya. Ndinapitako kukakonza pampu, ndipo kuseri kwa nyumba ya munthu wina wogulitsa nsomba ndinaona vaneti yakale itamira m'udzu, maukonde atayanikidwa pamwamba pake. Nditatsegula boneti ndinapeza injini ya mtundu womwewo. Mwini wake anati nditenge chimene ndikufuna, bola ndimukonzere injini ya bwato. Ndinamukonzera. Hediyo ndinaimangirira pa kaliyala wa njinga, ndipo ulendo wobwerera ndinayenda pansi mbali yaikulu, ndikukankha, poopa kuti ingagwe pa mabampu. Ndinafika fumbi mpaka m'makutu. Mkazi wanga anaigwira ndi chala, n'kununkhiza chalacho.

"Ikununkha nsomba. Amphaka onse a mu Kafue azititsatira."

Kumanga injini kunanditengera nyengo yonse yotentha, chifukwa ndinkagwiranso ntchito za anthu, ndi kuphika, ndi kuchapa. Tsiku loiliza mlamu wanga anabwera ndi batire ya minibasi. Mkazi wanga anali atakhala kale pa mpando wake. Injini inazungulira, inatsokomola, inaima. Ndinathira petulo pang'ono m'kabureta. Inatsokomolanso, inaphulika kumbuyo moti nkhuku za oyandikana nafe zinabalalika, kenako inagwira. Utsi unadzaza pabwalo. Ndinasintha pang'ono apa ndi apo, ndipo phokoso lija linatsika n'kukhala mawu osalala, okhazikika. Mlamu wanga anayamba kulumpha akuimba nyimbo ya kumpingo kwawo. Ine ndinayang'ana pagalasi. Mkazi wanga anali ataika dzanja lake lamoyo pa dzanja lakufa, ndipo manja onse awiri ankanjenjemera limodzi ndi galimoto.

Nditamaliza mabuleki ndinamuuza kuti tiyeni tizungulire pang'ono, tikafike kumsika, tikaone mtsinje pa mlatho. Anali atakhala nthawi yaitali osaona china kupatula mpanda wathu.

Anakana.

"Ulendo wanga woyamba ukhale wa ku nyumba ya Mulungu. Munthu sayamba kudya za m'munda asanapereke zoyamba kucha."

"Ndiye tipite Lamulungu likubwerali."

"Ayi. Alengeza kuti Mgonero ndi kumapeto kwa mwezi. Ndidzayambira pamenepo. Ndikufuna ndikalowe, ndikakhale pamalo panga, mbale idzandipeze pakati pa anzanga."

Mlamu wanga anamva zimenezi ali ndi nshima m'manja.

"Ba sisi, Mulungu ali paliponse. Na ku maliketi aliko. Tiyeni chabe muoneko town."

"Iwe, Mulungu wako wa m'kalasi ya giredi faifi angakhale ali kumsika. Wanga ndikampeza kumene ndinamusiya."

"Ni umozi, ba sisi."

"Ndikudziwa kuti ndi mmodzi. Idya nshima."

Ine sindinaumirire. Kwathu chinthu chatsopano chimayamba chaonekera kwa Mulungu: suti yatsopano, njinga yatsopano, mwana wakhanda. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo kumapeto kwa mwezi sikunali kutali. Panalinso zokonzekera. Bulauzi yoyera ya chigwirizano inali ya mabatani ang'onoang'ono amene sakanatha kumanga ndi dzanja limodzi, ndiye anawachotsa onse ndi kusokerera timabatani tongodina. Ndinaichapa, ndinaisita iye akundiuza poyambira, ndipo tinaipachika kuseri kwa chitseko pamodzi ndi siketi ndi duku.

Galimoto inkafunika kuyesedwa pamsewu itanyamula kulemera kwa munthu. Ndinaika thumba la chimanga pa mpando wake, pansi pake nditayala saka kuti nsalu isade, ndipo ndinapita nalo mpaka ku Shimabala ndi kubwerera. Ndinadutsanso msewu wa ku tchalitchi kangapo, ndikuphunzira maenje ake, kuti ndidziwe polowera pa njanji popanda kumugwedeza. Ndikabwera ankandidikira pakhonde.

"Mkazi wachiwiri wayenda bwanji?"

"Salankhula, amayi."

"Ndiye mwapeza wabwino. Koma mumutsitse, wakhala pamalo panga."

Anamwalira mkati mwa sabata, mwezi usanathe. Ndinadzuka m'mawa monga mwa nthawi zonse, ndinasonkha moto, ndinateleka madzi ake osamba. Nditabwera kudzamudzutsa ndinapeza atagona chammbali monga ndinamusiyira, dzanja lamanja pansi pa tsaya, koma anali atapita. Ndinakhala pambali pake mpaka madzi aja anaphwera pamoto. Kenako ndinapemphera, ndipo ndinatuluka kukauza oyandikana nafe. Thupi linatengedwa ndi vaneti ya mkulu wa mpingo mnzanga, poti munthu wakufa sakhazikidwa pa mpando.

Maliro akagwa, nyumba siikhalanso yako. Mipando inatulutsidwa panja, azimayi anadzaza m'nyumba atakhala pansi, azibambo anakhala pansi pa tenti. Ine anandikhazika pamatiresi pakhonde, mkulu wa mpingo uja pambali panga, ndipo ntchito yanga inali kulandira manja. Wamasiye sagwira ntchito, satumidwa, ndipo salamula. Komanso galimoto iliyonse yopezeka pa nyumba ya maliro imakhala ya maliro. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo pa maliro a anzanga ndinkakhala m'gulu la opempha makiyi. Tsiku loyamba lomwelo mlamu wanga anabwera, maso atatupa, ndi kugwada patsogolo panga.

"Ba mulamu, bantu bachuluka. Unga wasila, nkhuni kulibe."

Ndinamupatsa makiyi. Ndinafuna kumuuza za saka yoyala pa mpando, koma anali atanyamuka kale. Ndinamuona akulowa m'khitchini, n'kutuluka ndi saka yomweyo. Anali ataona mmene ndinkachitira.

Masiku amenewo galimoto ija inayenda kuposa mmene inayendera zaka zonse ndili nayo. Inanyamula ufa, nkhuni, kabichi wa ku Shimabala, nsomba zouma za ku Chanyanya. Inakatenga achibale ku siteshoni. Ndili pamatiresi ndinkaimva ikuchoka ndi kubwera, ndipo khutu langa linkagwira ntchito lokha, osalituma. Ndinkamva kuti injini ikuyenda bwino, giya ikulowa mosavuta, palibe chikugogoda. Anthu ankandigwira dzanja akunena mawu otonthoza, ine ndikumvetsera injini. Sindikudziwa ngati anazindikira.

Tsiku loika, amayi a chigwirizano anamuveka yunifolomu imene inali kuseri kwa chitseko. Mmodzi wa iwo anandinong'oneza kuti timabatani tija tinawathandiza. Bokosi linakwezedwa pa lole, azimayi atalizungulira akuimba, ndipo mwambo unali woyambira ku tchalitchi. Ine ndinaimirira ndi kulunjika ku chitseko cha kumanja, kwa woyendetsa, mosaganiza. Mkulu wa mpingo uja anandigwira mkono.

"Ayi, abambo. Lero simuyendetsa."

Mlamu wanga anali atatsegula kale chitseko cha kumanzere. Anachotsa saka, anakutumula nsalu yobiriwira ija ndi dzanja, anakoka kapini, ndipo mpando unatembenuka kundiyang'ana. Anthu anali kudikira. Ndinakhala. Pa mpando umenewo ndinali ndisanakhalepo chiumangire, chifukwa poyesa ndinkangokankha ndi manja. Mutu wanga unakhudza denga.

Tinatsatira lole. Mlamu wanga, amene pa msewu wa ku Lusaka ankadziwika ndi liwiro, anayendetsa ngati wanyamula mazira. Maenje aja ndinkawadziwa onse, ndipo ndinkaona lole ikugwera m'dzenje lililonse, bokosi likugwedezeka, azimayi akuligwira. Ife kumbuyo tinkadutsa mofewa. Pa njanji lole inadumpha. Galimoto yathu inakwera ndi kutsika osakhula pansi. 

Titafika pa tchalitchi anthu anatsitsa bokosi ndi kulinyamula pamapewa kulowa nalo mkati. Mlamu wanga anazungulira ndi kunditsegulira. Ndinayesa kutulutsa miyendo, koma inakana. Sikuti inafa, koma inalibe mphamvu, ngati ya munthu wodwala malungo. Iye anawerama, anakoka kapini, n'kunditembenuzira panja. Mapazi anga anafika pansi. Ndinatambasula dzanja lamanja ndipo linapeza chogwirira pamalo pake. Ndinadzikoka, ndinaimirira, popanda wondinyamula. Chilichonse chinagwira ntchito monga ndinachiyezera. Pamenepo m'pamene ndinalira, pabwalo la tchalitchi, nditagwira paipi, ndipo anandisiya mpaka ndinamaliza.

Lamulungu la Mgonero ndinapita wapansi. Malo a pafupi ndi zenera azimayi anawasiya opanda munthu tsiku limenelo. Mbale inadutsa pamenepo kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina.

Patapita nthawi mlamu wanga anabwera, ndipo tinakhala pansi pa mango osadya kanthu. Ananena chimene ndinkadziwa kuti chikumuvuta.

"Sembe tinabakakamiza, ba mulamu. Olo chabe ku mlatho."

Funso limenelo ndakhala nalo zaka zambiri, ndipo sindinalimalize. Masiku ena ndimaona kuti akanaona mtsinje, akanaona msika, akanamva mphepo pankhope. Masiku ena ndimakumbukira kuti kuyambira m'mawa uja wa pampopi, anthu ankamutembenuza, kumusambitsa, kumuuza nthawi ya mankhwala, ndipo pa zonse za moyo wake chinthu chimodzi chokha ndicho anasankha yekha: tsiku ndi kumene adzapite. Ndikanamulanda chimenechonso, sindikudziwa ngati ukanakhala ulendo umene ankafuna. Mlamu wanga ndinangomuyankha kuti mlongo wake sankakakamizika, ndipo anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso.

Galimoto inakhala pansi pa mango mvula yonse. Ndinkailiza Loweruka kuti batire isafe, osaitulutsa pageti. Kenako akulu a mpingo anabwera kudzandipempha. Kunali mayi wina wokalamba kuseri kwa msika amene miyendo inali itamukana, ndipo anali atasiya kubwera ku mapemphero. Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Ndinaganiza nthawi yaitali kuposa mmene pempholo linkafunikira, ndipo iwo sanandifulumize. Pomaliza ndinavomera.

Ndinkamutenga Lamulungu lililonse mpaka pamene nayenso anamwalira, ndipo pambuyo pake panabwera ena. Anthu a mumpingo ankanena kuti Mulungu anali ndi cholinga ndi mpando umenewo, ndipo kuti ntchitoyi iyenera kuti ikunditonthoza. Za cholinga cha Mulungu sindingatsutse, poti sindichidziwa. Koma kutonthoza sikunanditonthoze. Mayi wokalambayo anali munthu wabwino, wolankhula njira yonse za adzukulu ake, ndipo ankatsika yekha pakhomo pa tchalitchi, monyadira, akukonza duku. Ine ndinkamugwirira chitseko, n'kudikira kuti alowe. Kenako ndinkakhala kaye m'galimoto mpaka nyimbo yoyamba itatha, chifukwa nkhope yanga sinkakhala yoti ndilowe nayo pakati pa anthu.